Yoga ya M'ng'anjo: Kutentha Tili Nako Kale ku Epworth

Miyezi ingapo yapitayo ntchito inanditengera ku Johannesburg, kumsonkhano wa mabungwe ogwira ntchito za umoyo m'chigawo chino cha kummwera kwa Africa. Madzulo a tsiku lachitatu, titatopa ndi kukhala pamipando, mnzanga wina wa ku Lusaka anandinyengerera kuti tikawongole msana kumalo ena kumene anthu amachita yoga m'chipinda chotenthetsedwa dala. Ndinavomera chifukwa cha manyazi. Pakhomo tinavula nsapato n'kulipira, ndipo chitseko chitangotseguka mpweya unandiwomba kumaso ngati ndavundukula mphika wa nyemba. Mphindi 40 zisanakwane, m'maso munayamba kuchita mdima. Nthawi yotsalayo ndinaithera chigonere chagada pa kamphasa ka labala, thukuta lili kamukamu, ndikuwerengera chamumtima kuti ndalama imene ndasiya pakhomo ikanagula ufa wa masiku angati.

Nditabwerera ku Harare ndinakwera kombi kupita ku Epworth kukaona azakhali anga, amene amakhala ku Overspill m'nyumba ya zipinda ziwiri, ya malata, yopanda siling'i. Makolo awo, amene ndi agogo anga, anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pakhomopo Chichewa sichinafe. Nditawasimbira za ulendo wanga anaseka mpaka kugwetsa misozi. "Iwe mwana wa achimwene, unalipira ndalama kuti akuphike? Ukanadikira Okutobala n'kubwera kuno. Ine ndikanakutsekera m'chipinda changa dzuwa lili paliwombo, osakulipiritsa ngakhale senti."

Kuseka kutatha anandifunsa funso limene landichititsa kulemba nkhaniyi. Iwo ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene tonse timangoti BP, ndipo amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Mnzawo wina wa kumpingo, wodwala matenda omwewo, anali atasiya mapiritsi n'kuyamba kudzifukiza m'bulangete katatu pa sabata, ati thukuta limatulutsa matenda. "Tsono ngati anthu ophunzira a ku Joni akulipira ndalama kuti achite thukuta," anatero azakhali, "kodi mnzangayu walakwa?"

Walakwa, ndipo moyo wake uli pachiswe. Koma yankho lalifupi lotere silingakhutiritse munthu amene akuona anthu a ndalama akuthamangira kutentha komweko. Tiyenera kuyamba ndi kumene zinthuzi zinachokera.

Yoga inachokera ku India, ndipo mizu yake ndi ya zaka zoposa 2,000. Dzinali ndi la m'chinenero cha Sanskrit, ndipo tanthauzo lake lili pafupi ndi goli lomangira ng'ombe ziwiri pamodzi, ndiko kuti kulumikiza. Poyamba inali njira ya chipembedzo yolamulira maganizo ndi kapumidwe. Mbali yopinda ndi kuwongola thupi inakula kwambiri m'zaka za m'ma 1900. Mu Disembala 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 Juni kukhala tsiku lokumbukira yoga pa dziko lonse. Yoga ya m'chipinda chotentha yokha ndi ya dzulodzuloli. Amene anaitchukitsa ndi Bikram Choudhury, wobadwira ku Kolkata mu 1944, yemwe anatsegula sukulu yake ku California, m'dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dongosolo lake silisintha: kaimidwe ndi kapindidwe ka thupi ka mitundu 26, masewero awiri a kapumidwe, mphindi 90, m'chipinda cha madigiri pafupifupi 40 chokhala ndi chinyezi mumpweya. Akatswiri a mafilimu atayamba kupitako, malonda anakula n'kufalikira m'mayiko ambiri.

Mathero a mkuluyu sanakhale abwino. Amayi angapo amene anali ophunzira ake anamusumira kuti anawachita nkhanza zokhudza kugonana, ndipo mu 2016 bwalo la milandu ku Los Angeles linamulamula kulipira madola oposa 6 miliyoni kwa mayi amene kale anali loya wake. Iye anachoka m'dzikolo. Mu 2015 bwalo lina linali litagamula kale kuti ndondomeko ya masewero 26 aja singakhale chuma cha munthu mmodzi choletsa ena kuphunzitsa. Sindikutchula izi pofuna kunyoza amene amakonda masewerowa. Ndikufuna tidziwe kuti kutenthako kunalowa mu yoga kudzera pakhomo la malonda, ndipo umboni wa akatswiri a zaumoyo unachita kubwera pambuyo.

Umboniwo ukuonetsa kuti phindu lilipo. Ku Colorado State University, Dr Brian Tracy ndi anzake anatenga achinyamata n'kuwachititsa yoga yotenthayi kwa masabata 8. Anapeza kuti msana, mapewa ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu zinafewa kwambiri, mphamvu zonyamulira zinthu zinawonjezeka, ndipo mafuta a m'thupi anatsikako pang'ono. Mphamvu ya mtima ndi mapapo, imene imaoneka munthu akamathamanga, sinasinthe. Atayeza mphamvu imene thupi limawotcha pa mphindi 90 zija anapeza makalori pafupifupi 460 kwa abambo ndi 330 kwa amayi, mofanana ndi kuyenda ndawala kwa nthawi yomweyo. Choncho mnyamata amene amalawirira wapansi kuchokera ku Domboramwari kukasaka ganyu ku Hatfield kapena ku Msasa amawotcha zomwezo osalipira aliyense. Pankhani ya msana, mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga pa mndandanda wa njira zoyenera kuyesa kaye kwa odwala msana kwa nthawi yaitali, asanadalire mankhwala. Yoga imene ankanena pamenepo ndi yamasiku onse, yosatenthetsa chipinda.

Kafukufuku amene akuyankha funso la azakhali mwachindunji anatuluka mu 2018 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Experimental Physiology. Dr Stacy Hunter ndi anzake ku Texas anatenga anthu a zaka 40 mpaka 60 amene sankachita masewero, n'kuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkachita masewero 26 aja m'chipinda cha madigiri 40.5, lachiwiri linkachita masewero omwewo m'chipinda cha madigiri 23, ndipo lachitatu silinkachita kanthu. Izi zinachitika katatu pa sabata kwa masabata 12. Chimene ankayeza ndi mmene mitsempha ya magazi imatanukira magazi akamadutsa, chifukwa mtsempha wouma ndiwo chiyambi cha matenda ambiri a mtima. Magulu awiri ochita masewero aja onse anapindula, ndipo anapindula mofanana. Amene ankaphikidwa anangoposa anzawo pa kutsika pang'ono kwa mafuta a m'thupi. Chimene chinathandiza mitsempha ndi kusuntha kwa thupi, kupuma mwadongosolo ndi kusajomba.

Pofuna chilungamo nditchulenso umboni wa mbali inayo. Mu 2019 Dr Hunter yemweyo anafotokoza za kafukufuku wina wamng'ono kwambiri, wa anthu 10 okha, mmene BP ya ochita yoga yotentha inatsika kuchoka pa 126 kufika pa 121. Anthuwo sanawayerekeze ndi ochita yoga m'chipinda chozizira, ndipo BP yawo inali yokwera pang'ono chabe, yosafanana ndi ya munthu amene ali pa mankhwala. Ku Finland, kumene anthu ali ndi mwambo wokhala m'kanyumba kotentha kotchedwa sauna, kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anatsatira abambo 2,315 kwa zaka pafupifupi 20, ndipo amene ankalowamo kawirikawiri ankafa ndi matenda a mtima mocheperapo. Mwina kutentha kuli ndi gawo lake. Koma abambo amenewo amatuluka m'kanyumbako pakapita mphindi zowerengeka, kunja kukuzizira, madzi akumwa ali pampopi, chipatala chili pafupi. Ndipo palibe kafukufuku ndi mmodzi yemwe mwa onsewa amene anauza wodwala kuti asiye mankhwala ake.

Tione tsopano zimene kutentha kumachita m'thupi. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 37. Likayamba kutentha, mitsempha ya pakhungu imatseguka kuti magazi atulutse kutenthako, mtima umagunda mofulumira, ndipo thukuta limatuluka. Thukuta limaziziritsa pokhapokha likamauma pakhungu. M'chipinda cha chinyezi, kapena m'bulangete lodzaza nthunzi, limangoyenderera pachabe. Munthu angathe kutaya madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi. Mu 2015 akatswiri a ku University of Wisconsin ku La Crosse anayeza anthu athanzi, ozolowera yoga yotentha, ndipo ambiri thupi lawo linafika madigiri 39, wina mpaka 40, amene ali malire pamene madokotala amayamba kuopa kuti kutentha kuwononga ubongo ndi ziwalo zina. Mdima umene ndinaona m'maso ku Johannesburg unali magazi atachepa kumutu chifukwa ambiri anali atathamangira kukhungu.

Apa ndi pamene pagona chinyengo chimene chinakola mnzawo wa azakhali. Mitsempha ikatseguka ndipo madzi akachepa m'thupi, BP imatsikadi kwa kanthawi. Munthu amatuluka m'bulangete akumva kupepuka, mutu utaleka kuwawa, n'kukhulupirira kuti wachira. Maola ochepa akapita, BP imabwerera mwakale, ndipo popeza matendawa kawirikawiri sapweteka, mwini wake sadziwa kanthu kufikira tsiku limene mbali imodzi ya thupi idzafe. N'chimodzimodzi ndi sikelo: kilogalamu imene yachoka pa ola limodzi ndi madzi, ndipo imabwerera munthu akangomwa. Za "kutulutsa poizoni" nazo n'zokometsera malonda. Thukuta ndi madzi ndi kamchere pang'ono. Ntchito yosefa zoipa m'magazi ndi ya impso ndi chiwindi, ndipo impso zimavutika kwambiri thupi likauma. Ambiri mwa odwala BP kuno amamwa mapiritsi okodzetsa, monga hydrochlorothiazide, amene ntchito yake ndi kuchotsa madzi ndi mchere m'thupi. Kuwonjezera thukuta lochuluka pamwamba pa mapiritsi otere kungagwetse munthu. Amayi oyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, odwala mtima, impso ndi shuga, komanso okalamba, kutentha kochita kufuna kotere sikuwayenera.

Sindikunyoza kufukiza. Ine ndemwe ndinakula ndikufunditsidwa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugama ndikagwidwa chimfine, ndipo mu 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, Harare yense ankanunkhira zumbani, anzathu a Chishona ali kalikiliki ndi kunatira. Nthunzi imatsegula mphuno n'kupepuza chifuwa kwa kanthawi. Ntchito yake imathera pomwepo.

Tsono taganizani za Epworth yeniyeniyo. Malowa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 12 kuchokera pakati pa mzinda wa Harare. Anayamba ngati mishoni ya mpingo wa Methodist m'zaka za m'ma 1890, dzina lake n'kutengera mudzi wa ku England kumene anabadwira John Wesley. Anthu anakhamukirako pothawa nkhondo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pamene Epworth Local Board inkakhazikitsidwa mu 1986 nyumba zinali zitamera kale popanda mipope kapena ngalande. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 200,000. Mabanja ambiri amadalira zitsime za pakhomo ndi mijigo, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala zitsime zimaphwa, mizere ya zigubu n'kutalika. Mu Epulo 2024 boma linalengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali ngozi yogwera dziko lonse, ndipo 2024 yomweyo inaposa zaka zonse za m'mbuyo mwake pa kutentha kwa dziko lapansi chiyambire kulemba. Madzi amene alipo nawo si onse odalirika: kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, ndipo inabweranso mu 2018 ndi 2023.

Ku Johannesburg kuja ndinamwa malita awiri a madzi a m'botolo n'kusamba pashawa ndisanatuluke. Ku Overspill malita awiri amenewo amachokera m'chigubu cha malita 20 chimene wina wasenza pamutu, ndipo ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala. M'malo otere thukuta lili ndi mtengo wake. Chipinda cha malata chopanda siling'i masana a Okutobala chimatentha kuposa panja, ndipo amene amatsala m'menemo ndi makanda, odwala ndi agogo. Nthabwala ya azakhali ija inali ndi choonadi chowawa: chimene ena amagula kwa mphindi 90 n'kutulukamo, kuno anthu amakhalamo tsiku lonse. Ife ogwira ntchito za chitukuko tikamakamba za kutentha ndi umoyo ku Epworth, nkhani yathu iyenera kukhala ya mitengo ya mthunzi, mawindo otseguka mbali ziwiri, malata opakidwa utoto woyera ndi mijigo yokonzedwa nthawi yake. Ndivomereze kuti m'mapepala ambiri amene ndalembapo opempha thandizo, mawu oti mthunzi sanalowemo.

Nditafotokoza zonsezi, azakhali anandibweza ndi funso lina, ndipo linali lanzeru. "Chabwino, kutenthako tikusiye. Koma masewerowo ndi a chiyani kwa ine? Ndimatunga madzi, ndimachapa chowerama, ndimasenza dengu la tomato. Amayi ena kuno amaswa miyala ndi hamala tsiku lonse. Ukufuna titope kawiri?" Kwa nthawi yaitali akatswiri nawonso ankaganiza kuti kusuntha kulikonse n'kofanana. Koma ofufuza a ku Denmark, motsogozedwa ndi Andreas Holtermann, anaonetsa mu 2021, atatsatira anthu oposa 100,000, kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siteteza mtima monga amachitira masewero a nthawi yopuma. Chifukwa chake n'chomveka. Ntchito yotere imabwereza kusuntha kumodzimodzi kwa maola ambiri, imakweza BP nthawi yonseyo, ndipo sipereka mpata woti thupi lipume. Mayi wosenza madzi khosi ndi msana wake zimapanikizika mbali imodzi zaka makumi awiri. Iye safunikira kutopa kwina. Afunikira mphindi zochepa zoti msanawo upindikire mbali imene ntchito siupinditsa, mapewa atseguke, ndipo mpweya ulowe mosathamanga. Pamenepa ndi pamene yoga ili ndi mphatso yeniyeni kwa anthu athu.

Pali umboni winanso umene unandisangalatsa kwambiri chifukwa sufuna chipangizo chilichonse. Mu 2023 ofufuza a ku Canterbury Christ Church University ku England anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 270 a masewero ndi BP. Mitundu yonse ya masewero inathandiza, koma amene anatsitsa BP koposa ndi aja oumitsa minofu osasuntha, monga kutsamira khoma mawondo atapindika ngati munthu wakhala pampando wosaoneka. Kawirikawiri amachita mphindi ziwiri, kupuma, n'kubwereza kanayi, katatu pa sabata. Yoga ili ndi kaimidwe kambiri kotere. Khoma ndiye nyumba iliyonse ku Epworth ili nalo.

Kufunika kwa zimenezi n'kwakukulu kuposa mmene timaganizira. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la 2023 linati munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, pafupifupi theka la iwo sadziwa, ndipo anayi mwa asanu alionse salandira chithandizo chokwanira. Bungwe lomwelo limalangiza mphindi zosachepera 150 za masewero pa sabata, ndi mchere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Epworth ikudziwa kale tanthauzo la kumwa mankhwala moyo wonse. Kuyambira 2006, kwa zaka zoposa khumi, bungwe la MSF linagwira ntchito limodzi ndi anamwino a boma pa Epworth Polyclinic pothandiza anthu amene ali ndi HIV, ndipo anthu zikwizikwi anaphunzira kuti ma ARV sasiyidwa chifukwa choti lero wadzuka bwino. Phunziro lomwelo silinafike mokwanira pa mapiritsi a BP. Munthu amene sangayerekeze kudumphitsa ma ARV a mwana wake amasiya mapiritsi ake a BP mutu ukangoleka kuwawa.

Mbali ya maganizo ndi imene yoga yotentha yaonetsa zotsatira zochititsa chidwi kwambiri. Mu 2023 Dr Maren Nyer ndi anzake pa Massachusetts General Hospital ku Boston anafalitsa kafukufuku wa anthu 80 odwala matenda a maganizo. Patatha masabata 8, pafupifupi 59 mwa 100 alionse amene ankapita ku yoga yotentha zizindikiro zawo zinatsika ndi theka kapena kuposerapo, pamene mwa amene ankangodikira anali 6 okha mwa 100. Kusiyanaku n'kwakukulu. Komabe anawayerekeza ndi anthu amene sankachita kanthu, choncho kafukufukuyu sasiyanitsa gawo la kutentha ndi gawo la kutuluka m'nyumba, kukumana ndi anthu ndi kusuntha thupi. Ife ku Harare tili ndi umboni wathuwathu wa mphamvu ya kukhala pamodzi. Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene a Chishona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Kafukufuku wa anthu 573 amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchipo 14 mwa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matendawa, poyerekeza ndi 50 mwa 100 a gulu linalo. Aliyense wa ku Epworth akudziwa dziwe lija la pamalo pamene kale ankakumba miyala, ndi chifukwa chimene linapatsidwira dzina loopsa. Chilichonse chimene chingachititse amayi asanu kukumana m'mawa katatu pa sabata, n'kufunsana kuti mwadzuka bwanji, sindingachipeputse.

Chatsala ndi chipembedzo, ndipo sindichizemba. Azakhali ndi mayi wa Chigwirizano, ndipo atamva kuti yoga inachokera kwa Ahindu nkhope inasintha. Ndi zoona kuti mizu yake ndi ya chipembedzo, ndipo alipo aphunzitsi amene amaphatikizamo mapemphero ndi mawu obwerezabwereza a chikhulupiriro chawo. Amene chikumbumtima chake sichikumulola asakakamizidwe, ndipo ife a m'mabungwe tileke chizolowezi choyesa mbuli aliyense amene wafunsa funso lotere. Maganizo anga ndi akuti kuweramira kutsogolo kapena kuima ndi mwendo umodzi kulibe mpingo. Madokotala a mafupa amaphunzitsa masewero ofanana nawo m'zipatala popanda kutchula dzina la yoga. Ndipo ife ana a Achewa sitinayambe tasowapo njira zosunthira thupi pamodzi. Amene anaonapo chimtali chitafika pakolasi, kapena gule wamkulu akuvina ku Epworth konkuno, akudziwa kuti makolo athu sankadikira mphunzitsi wochokera ku California. Chimene yoga ikuwonjezera ndi kudekha: kusuntha pang'onopang'ono, kuima osagwedezeka, ndi kutsatira mpweya.

Zimene ndinawaonetsa azakhali n'zochepa, ndipo zimatenga mphindi 20 kapena 25. Nthawi yake ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, panja pamthunzi, atamwa kapu ya madzi abwino. Amaima chilili n'kukweza manja akukoka mpweya, kenako n'kuwatsitsa akuutulutsa. Amagwada pamphasa manja ali pansi, n'kumakweza ndi kutsitsa msana monga amachitira mphaka akadzuka kutulo. Kameneka ndi kamene anakakonda, ati kamafika penipeni pamene ndowa imapweteka. Amagona chagada n'kukokera mawondo pachifuwa. Amaima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, zimene zimathandiza okalamba kuti asamagwe. Kenako amatsamira khoma lija. Pomaliza amakhala pansi n'kumapuma modekha, kuwerenga mpaka 4 pokoka mpweya ndi mpaka 6 potulutsa, kwa mphindi zisanu. Wodwala BP asamabanike mpweya pochita zonsezi, asazondotse mutu pansi kwa nthawi yaitali, ndipo adzuke pang'onopang'ono. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena mutu waukulu, aleke pomwepo n'kupita kuchipatala. Ndi bwino kuwauza anamwino tsiku lokatenga mankhwala kuti mwayamba masewero, kuti aziyeza BP akudziwa. Ngati mlingo wa mapiritsi uyenera kusintha, ausinthe ndi iwowo.

Kwa owerenga amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena kwina kumene zipinda zotenthazi zilipo, ndipo thupi lanu ndi lathanzi komanso thumba likulola, sindikukuletsani. Ambiri amakonda kutenthako, ndipo masewero amene munthu amawakonda ndi amene sawasiya. Imwani madzi musanalowe, musapikisane ndi amene ali pambali panu, ndipo thupi limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere. Minofu yotenthedwa imalola kupindika kupitirira pamene mfundo za mafupa zingapirire, choncho musadzikoke mpaka kumva kuwawa. Mphunzitsi akakuuzani kuti kutuluka m'chipinda n'kufooka, tulukani ndithu.

Ndinapitanso ku Overspill Loweruka lapitali. Ndinalawira, ndipo ndinapeza amayi asanu kuseri kwa nyumba, mphasa zitayalidwa pansi pa mtengo wa mango wa aneba, zitenje zitamangidwa zolimba m'chiuno. Poyamba ankafuna kumakachitira pathanthwe la Domboramwari, koma anapeza kuti a mapositori ovala zoyera amakhala atafika kale, ndiponso kuyenda kusanache si kwabwino kwa amayi. Mnzawo uja anali pomwepo. Azakhali anachita kumuperekeza kuchipatala, kumene BP yake inapezeka itakwera kwambiri moti anamwino anamukhazika pabenchi kwa ola lathunthu asanamuyezenso. Tsopano wabwerera pa mapiritsi, ndipo bulangete lija walisungira chimfine. Dzina loti yoga analikana onse. Amangoti akudziwongola. Pakhoma paja azakhali afika masekondi 50, ndipo akuumirira kuti wotchi ya pafoni yanga imachedwa.